Nambala ya Pangozi pa Fomu ya Sitima

Anzanga, tisanayambe tigwirizane kaye. Dzina lake sinditchula, ndiye musandivutitse ku inibokosi. Wofuna kunena kuti "tinakuuza" asunge mawu ake, chifukwa palibe anandiuza. Chitonthozonso sindikuchifuna. Ndikufuna yankho basi.

Tinakumana chilimwe chatha. Kuntchito kwathu, ku labu yoyeza magazi, anakonza zoti tikapalase mabwato tsiku limodzi. Ine madzi ndimawaopa. Ndinafika padoko ndi mankhwala a chizungulire, foni nditaikulunga m'majumbo awiri, ndi pepala la mafunso asanu ndi anayi.

Wotiphunzitsa kupalasa, amene anzake amamutcha Kaputeni ngakhale bwato lake lilibe ndi injini yomwe, anayankha mafunso onsewo osaseka. Kenako anandiveka jekete yoyandamitsa, n'kukoka lamba kawiri kuti ndione kuti walimba.

Mwamuna wokoka lamba kawiri... ndinali ndisanamuonepo. Mtima unapita pomwepo.

Miyezi khumi zinthu zinayenda bwino. Ankanditcha Nangazikavuta, ine n'kumaseka ngati wopusa. Kwawo kokha sindinapondeko. Ankati amakhala ndi achemwali ake ovuta, osafuna alendo.

Amayi anga amakhala kutali, maola asanu ndi limodzi pa sitima ya pamadzi yoyenda m'mbali mwa gombe. Tinagwirizana kuti chilimwe chino ndikamuonetse kwa iwo. Koma iye anati tiyambe ndi ulendo wa pabwato wa masiku awiri, awiriwiri, kuti ndizolowere madzi.

Ndinapempha tchuthi. Ndinalemba ndandanda ya katundu, mpaka mabatire a tochi. Kutatsala tsiku limodzi anaimba kuti kukubwera mphepo yoopsa. Ndinayang'ana zanyengo m'malo atatu, mphepo panalibe. Iye anati madzi sawerengedwa pa foni.

Ulendo woyamba wa pa sitima, wopita kwa amayi, unalephereka chifukwa akuti phewa labinya. Ndinamugulira mankhwala opaka, ine. Ndinasunthanso tchuthi, mpaka abwana anandifunsa ngati tchuthicho chili ndi matayala.

Nthawi yonseyi amayi anali atapenta chipinda cha alendo n'kugula makatani atsopano.

Ulendo wachitatu ndi wa Loweruka likubwerali. Apa ndinamukoka yekha kupita naye ku ofesi ya sitima. Kumeneko wokwera aliyense amadzaza fomu: dzina, zaka, nambala ya munthu woti adziwitsidwe pakagwa ngozi, ndi ubale wanu. Iye anadzaza mothamanga, uku akucheza ndi kalaliki. Pa mzere wa ubale analemba kuti "akunyumba."

Ndinawaona mawuwo, anzanga. Ine amene ndimawerenga timalemba ting'onoting'ono ta pabotolo zaka khumi ndi ziwiri, ndinawaona. N'kudziuza kuti akutanthauza anthu a kunyumba kwawo, achemwali aja.

Chimene chinandivuta chinali china. Seveni wake amafanana ndi wani. Kuntchito makina sitiwakhulupirira tisanawayese, ndiye ndinati nambala ya pangozi yolakwika ingathandize ndani? Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsegula chithunzi cha fomuyo chimene ndinajambula tsiku lija n'kuimba.

Anayankha mayi, ana akulongolola chapatali.

"Pepani, ndikungotsimikiza nambala. Ndinu achemwali ake a Kaputeni?"

"Achemwali? Mayi, mchemwali amabereka naye ana atatu? Inu ndinu ndani?"

Ndikanatha kudula foni. Ndikanatha kunama kuti ndine wa ku ofesi ya sitima. Koma kunama sindikutha, ndipo madeti onse anali m'kabuku kanga. Ndinawawerengera limodzi ndi limodzi.

Mayiyo sanatukwane. Anangondikonzera ndandanda yanga. Tsiku la mphepo lija, bamboyo anali kusukulu pa msonkhano wa makolo. Phewa lobinya lija ndi limene linanyamula firiji yawo yatsopano kukweza masitepe. Za Loweruka lino anawauza kuti akuperekeza alendo achizungu, ndipo ngati alendowo asintha maganizo, adzakhala pakhomo.

Ndiye kuti ulendo uwunso unali kale ndi chifukwa chake cholepherekera. Chimangodikira Lachisanu.

Nditaweruka ndinapita padoko. Ndinamupeza akusanja nkhafi m'shedi. Nkhani inali itamufika kale, ndipo wokwiya anali iye. Anati ndamuphwasulira banja, anati khalidwe langa lofufuzafufuza ndi matenda.

"Nambala ya pangozi amaimba pakagwa ngozi," anatero. "Ndani amaimba dzuwa likuswa mtengo?"

"Ngoziyo ndiwe."

"Ine sindinakubisire. Ndinalemba pamaso pako, unawerenga wekha. Si ndiwe wa ku koleji?"

Mawu amenewo ndi amene akundidya mpaka pano, chifukwa fomuyo ndi malo okhawo amene munthu ameneyu ananenapo zoona. Ataganiza kuti mwina angamire, anafuna kuti wolira akhale mkazi wake weniweniyo.

Tikiti yake ndinakafafaniza dzulo. Kalaliki atandifunsa chifukwa, ndinati wokwerayo ali ndi mwini wake.

Yanga ilipo. Ndipo amayi sakudziwa kanthu. Amadwala kuthamanga kwa magazi, amakhala okha, ndipo auza kale oyandikana nawo onse. M'mawa uno aimba kawiri kufunsa ngati mkamwini wawo amadya tsabola. Ndawayankha kuti ndifunsa.

Ndikawauza pa foni, adzalandira nkhaniyi ali okhaokha, popanda wowayeza ndi magazi omwe. Ndikakhala chete, adzaima padoko atavala zatsopano, n'kumayang'ana kumbuyo kwanga pamene ndikutsika ndekha. Ndikasuntha ulendo kachitatu, ndiye kuti ndayamba kuwachita zimene iye ankandichita.

Ofesi ya sitima imasiya kusintha matikiti Lachinayi masana, ndipo lero ndi Lachitatu. Amene munauzapo mayi anu nkhani yotere, munayamba ndi mawu ati? Chonde ndiyankheni lero, asanaimbenso.