Dimba la Pansi pa Mkuyu

Eluby anabadwira ku Mchesi, ku Lilongwe, n'kukulira komweko m'nyumba zalendi zogundana makoma. Khasu ankalidziwa ngati chopalira udzu pakhomo landilodi akakalipa, basi. Ntchito yake inali yogulitsa kaunjika, ndipo pakamwa anali napo, monga mukuwadziwira anthu a ntchito imeneyo. Ndiye apongozi ake aakazi atamwalira ku Domasi, nyumba ndi munda zinatsala zopanda mwini, poti mwamuna wake Zakaria analibe mlongo woti n'kulowamo. Ukalipentala nawo m'tauni unali utamuvuta. Anangoti tiyeni kumudzi.

Anatsika minibasi pa Songani mwezi wa Epulo ndi ana awiri, Tisungeni ndi Hopeson, matilesi, bokosi la zipangizo, ndi mimba ya miyezi itatu. Mimba imeneyi Eluby ankaisamala ngati dzira. Hopeson anali atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo mayi ake ankangodikira, mpaka anataya mtima kuti basi kubereka kunathera pomwepo. Tsono itabwera iyi, sankafuna ngakhale kuitchula mokweza.

Masabata oyamba anavutika, tisabise. Kupopa mjigo kunamutyola msana, nkhuni zinali kuphiri, ndipo m'manja munatuluka matuza. Azimayi ankamuseka kalankhulidwe kake ka ku Lilongwe, iye n'kumawabwezera, onse n'kufa nazo. Amene anamugwira dzanja kwenikweni anali a Eneless, mayi wamkulu wapakhomo loyandikana nalo, wosalankhulalankhula. Iwowa ndi amene anamuphunzitsa kupeta mpunga osautaya, n'kumuuzanso njira yachidule yopitira kusikelo.

Malire a munda anawaonetsa ndi amalume ake a Zakaria, a Stewart. Amuna awiriwo anali patsogolo, Eluby pambuyo akupuma wefuwefu. Kumunsi kwenikweni, pamene munda umathera m'kamtsinje kothira mu Domasi, panali mkuyu, ndipo pansi pake panali malo a dothi lakuda, lonyowa, odzaza udzu ndi bango. Ngakhale munthu wa kaunjika anaona kuti apa ndi pa ndiwo.

"Nanga apa bwanji simulimapo, amalume?" anafunsa Eluby.

"Aaa, ulesi wa azimayi," anatero a Stewart. "Malemu mlongo wanga ankati pali njoka. Ine ndakula muno, njokayo sindinaionepo. Ndi panu pomwe, limani."

Amati safunsa anadya phula. Eluby anafunsa, tisamunamizire. Kungoti anafunsa mwamuna.

Anayamba kulima mu Juni, mudzi wonse utatsikira kuminda ya mpunga kukakolola, moti panalibe womuona. Zakaria anali atapeza ntchito yokhoma zitseko ku Malosa, ana ali kusukulu. Eluby ankafuna awadzidzimutse onse, aone kuti wa m'tauni nayenso ndi munthu. Anatchetcha, anatentha, n'kuyamba kutipula.

Malowo anali a zii. Kumtunda kunkamveka mbuzi, mawailesi, mabelu a njinga, koma ukangolowa mumthunzi wa mkuyu uja zonse zinkatsalira kumbuyo. Nkhuyu zinkagwa n'kuwolera pansi, mbalame osabwera kudzadya. Dothi linali lofewa modabwitsa, lokhala timaenje ndi timitumbira ting'onoting'ono. Khasu linkatulutsa mapale a miphika ndi tinsanza ta zitenje tothetheka. Eluby anati pano panali dzala, ndiye chifukwa chake pali chonde, n'kumaponyera zonsezo m'bango.

Anafesa mpiru ndi repu, ndipo zinamera. Koma sizinamere mofanana. Panali malo ena ozungulira, kukula kwake ngati lichero, pamene masamba anabiriwira mpaka kuda, otambalala kuposa dzanja la mwamuna. Pakati pa malo amenewa mbewu zinali wamba. Munthu akaima kumtunda ankaona mabwalomabwalo obiriwira, ena oyandikana, ena apaokha.

Mtolo woyamba anapita nawo kwa a Eneless, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Amayi, lawani za m'dimba mwanga."

"Dimba liti, make Tisu?"

"La pansi pa mkuyu paja."

A Eneless anayang'ana masambawo nthawi yaitali. Kenako anabisa manja kumbuyo, n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse, anachitseka pang'onopang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo kumjigo kunasintha. Eluby akafika nkhani zinkatha. Moni ankayankha, inde, koma maso ali pandowa, kapena pamimba pake. Wina ankamusiyira malo kuti atunge msanga, osati mwaulemu, koma kuti achoke. Zinamuwawa kwambiri, ndipo kunyumba analira. Zakaria anati ndi nsanje chabe, anthu akumudzi safuna mlendo achite bwino. Ndiwo zija banja linapitiriza kudya, tsiku ndi tsiku, zotendera ndi nsinjiro.

Kenako anayamba kuwaona a Eneless kudimba. Nthawi yake inali imodzimodzi, dzuwa lili paliwombo, pamene anthu onse amakhala pamthunzi. Eluby akaweramuka ndi kheni yothirira, ankangowapeza ataima kutsidya kwa kamtsinje, osamva kuti abwera liti. Sankamuyang'ana iye. Ankayang'ana malo amodzi, bwalo lobiriwira la kufupi ndi muzu wa mkuyu. Akawapatsa moni, zii. Pakapita kanthawi ankatembenuka n'kumapita. Tsiku lina anabwera azimayi atatu, aliyense akuyang'ana pakepake.

Chinamuopsa kwambiri chinali cha m'thupi mwake momwe. Mwana wam'mimbayo anali wovuta, wopondaponda tsiku lonse. Koma mayi ake akangotsikira mumthunzi uja ankangoti duu, ngati naye akumvetsera. Eluby ankasiya kheni, n'kukwera chitunda mtima uli m'mwamba, dzanja lili pamimba. Akafika pamunda wa chinangwa kumtunda, mwana uja n'kuponda. Zinachitika kawiri, katatu, kasanu. Sanamuuze Zakaria, poti akanayambira pati?

Tsiku lina mantha anasanduka ukali, ndipo pakamwa pa kaunjika panatseguka.

"Amayi, ngati ndakulakwirani nenani. Tsiku lililonse kudzangoima apo ngati chitsa, ine ndi pakati panga, mukufuna chiyani? Malowa anatipatsa ndi amalume."

A Eneless anawoloka kamtsinje, akuponda mosamala m'mbalimbali mwa mabedi. Anakhala pamuzu, n'kumukodola kuti naye akhale.

"A Stewart sakudziwa kanthu," anatero motsitsa mawu. "Palibe mwamuna amene amadziwa, ndipo safunika kudziwa. Nkhani ya njoka tinaipeka ndife, kuti asamafikeko. Make Tisu, mwana akabadwa wosalira sapita kumanda kwa akuluakulu. Sitiika bokosi, sitiimba nyimbo, sitilira. Timamutenga azimayi tokha, masana ngati ano, n'kubwera naye pano. Ndiye nthayo imeneyo. Kwanuko kulibe?"

Eluby mawuwo anawamvapo, koma ku Mchesi zoterezi zinkathera kuchipatala, ndipo iye sanafunsepo kuti ana oterowo amapita kuti. Anayang'ana mabwalo obiriwira aja, limodzilimodzi.

"Apo pali wanga," anatero a Eneless, akuloza ndi chibwano. "Anyamata atatu ndili nawo. Ameneyo ndiye anali wamkazi. Apongozi anu ali ndi awiri cha uko, ndiye chifukwa chake malowa ankawasunga ndi iwo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Tinadziwa mutalima kale. Ndipo mayi woyembekezera sauzidwa za kuno, safikako n'komwe. Tinakhala pansi kangapo, wina akuti timuuze, wina akuti tikamuuza ndiye timupweteka. Nafenso tinalakwa, mwanangu."

Eluby anasanza pomwepo, m'bango. Atatha anagwada n'kuyamba kuzula mpiru ndi manja, akulira mosatulutsa mawu, mpaka a Eneless anamugwira paphewa kuti nyamukani, zotsalazo tizula ife. Anafunsa ngati pali chochita, mankhwala kaya pemphero. A Eneless anati agogo amene ankadziwa za mankhwala anapita kalekale, ndipo udzu umera wokha mvula ikagwa.

Zakaria anauzidwa kuti kudimba kwapezeka njoka. Anaseka kuti si izo ankanena malemu amayi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kumjigo azimayi anayambiranso kumulankhula, koma mofatsa kwambiri, ndipo ndowa sankamulolanso kusenza. Kufatsako kunkamuopsa kuposa kukhala chete kuja. Kusikelo anamuuza kuti magazi akuthamanga, apume, adye bwino, ndipo anamupatsa mapilitsi. Anamwa onse osadumphitsa. Lachinayi lililonse ankapita ku Mvano, n'kumapemphera chinthu chimodzi chokha. Tsiku lonse ankakhala pakhonde, msana atalozetsa kudimba, akumvetsera mwana akuponda.

Lachiwiri lina mu Seputembala, akusankha nyemba pakhonde pomwepo, anazindikira kuti kuyambira m'mawa sanamve kanthu. Anamwa madzi ozizira, anagona chammbali, anayenda mpaka pa chinangwa paja n'kubwerera. Duu.

Ine sindinganene kuti linali dimba. Kuchipatala anamwino anati ndi kuthamanga kwa magazi kuja, ndipo zimachitika ngakhale kwa azimayi amene sanagwirepo khasu. Eluby anawamva, n'kugwedeza mutu. Mwanayo anali wamkazi, wa tsitsi lambiri, ndipo sanalire.

M'mawa mwake namwino anabwera pabedi n'kufunsa mwaulemu ngati pali achibale achizimayi oti anyamule mwanayo. Zakaria anali ataima pakhomo la wodi, maso ali psuu, akuti ndinyamula ndine, ndi mwana wanga. Eluby mayi ake anamwalira kale, ndipo mkulu wake anali ku Kasungu. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Domasi anamvadi kuti ndi mlendo, kuti pano alibe wake.

Dzuwa litakwera, pakhomo panaima azimayi anayi, atavala zitenje zakumunda. Pawindo Eluby anaona njinga itatsamira mtengo, pakaliyala atamangapo khasu. A Eneless anamuuza Zakaria kuti bambo a Tisu, inu kaoneni ana kunyumba, kuno kwatsala n'kwathu. Kenako anafika pabedi, n'kutambasula chitenje chatsopano.

Eluby anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Amayi, ndikupempheni chimodzi. Mukakumbe mozama. Ine ndaona mmene khasu limafikira. Mukazamitse kwambiri, wina asadzamufukule ngati mmene ndinachitira ine."

A Eneless anayang'ana anzawo aja. Kenako anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kumupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Zimenezo ndiye ayi, mwanangu. Kwathu kuno dzenje la nthayo likazama, mayi ake saberekanso. Tikumba pang'ono, mmene tinakumbira athu. Ife tikufuna mudzatiberekere wina, konkuno."

Anamukulunga mwana uja, n'kumufukata pachifuwa ngati wamoyo. Azimayi anayiwo anatuluka mondondozana, wina akukankha njinga.