Matenti a Buluu ku Nkhudzi

Amene anandilakwira ndi mkamwini mnzanga, mwamuna wa achemwali ake a mkazi wanga. Anachititsa apongozi athu kukhulupirira kuti ine ndikufuna kukawataya kukampu ya othawa nkhondo, pamene ine ndinkangofuna kukawasangalatsa kunyanja. Bodza limenelo linagona m'mutu mwa mayi wokalamba masabata awiri, ine osadziwa kanthu.

Masiku amenewo ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa Mangochi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, nditamenya wolemba mayina a olongolola m'kalasi, ndipo mtima wapachala umenewo sunandichoke. Mkamwini mnzangayo anali kalaliki pasitolo ina m'tauni, cholembera chili kukhutu ngakhale tsiku la Idi. Ine ankanditchula kuti injiniya wa zigamba.

Akazi athu anabwera wapansi ndi amayi awo kuchokera ku Mozambiki, nkhondo itawotcha mudzi wawo. Anayamba akhala kukampu cha kumalire. Ana aakazi awiriwo titawakwatira, tinawatenga amayiwo n'kuwamangira kanyumba kwa Mponda, pakati pa nyumba yanga ndi ya kalaliki.

Tsiku lina anandiitana ku Nkhudzi, m'mbali mwa nyanja, kuti ndikakonze njinga za azungu awiri oyendayenda. Ndinawapeza atakhoma tenti pamchenga, mapiri a paki yosungirako nyama ali kumbuyo kwawo, akuwotcha nsomba, akuseka ngati ana. Ndinati mumtima, nyanjayi ndi yakwathu, nanga kugona m'mbali mwake kukhale kwa alendo okha? Pobwerera ndinkapalasa njinga uku ndikuwerenga anthu opita nawo, ndipo oyamba anali apongozi. Chibwerereni kuno, madzi aakulu omwe anawaonapo ndi a Shire, atasenza ndowa.

Kupeza malo kunandidyera masiku. Poyamba ndinaganiza za ku Lungwena, kumene kuli msuweni wanga, koma mkazi wanga anati abale akatikokera m'nyumba, akati tikuwanyoza pogona panja. Ananena zoona. Pahotela ina ya m'mbali mwa nyanja mlonda anangondiyang'ana kumapazi n'kutseka geti ndisanamalize moni, ndipo mawu amene ndinamusiyira sindingawalembe pano. Kupaki anandifotokozera bwinobwino kuti mkati mwake nkhuni sathyola, mbedza saponya. Nanga ulendo wopanda moto ndi nsomba ndi ulendo? Ndinabwerera ku Nkhudzi komwe kuja, kwa msodzi wina wachikulire amene ndinamukonzerapo tcheni. Iye anati, "Gombe ndi la Mulungu, bwerani. Koma anyani musawapatse moni, sachedwa kuzolowera."

Pamsika ndinagula matenti awiri a buluu, aja ankagawidwa kukampu n'kumapezeka akugulitsidwa paliponse. Awiri, chifukwa mkamwini sagona denga limodzi ndi apongozi. Ndinawayanika pampanda n'kumasokerera zingwe m'makona, aliyense akuona.

Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu onse amadutsa mwa mkazi. Ndiye ndinauza mkazi wanga kuti awauze amayi za ulendo wa Loweruka la pambuyo pa Idi. Iye anangowauza kuti, "Tili ndi ulendo, konzekani." Ankafuna nyanjayo ikawadzidzimutse.

Kalaliki ataona matenti aja, anakaima kuseri kwa mpanda wa apongozi n'kumauza mkazi wake mokweza, kuti mawu alumphe mpanda: "Injiniya watopa n'kudyetsa anthu. Wawaona matentiwo? Akukawabweza kukampu." Izi ndinazimva pambuyo pake. Apongozi sanafunse munthu. Ankaganiza kuti mwana wawo yemwe wavomereza, ndiye akanafunsa ndani?

Loweruka m'mawa tikudikira matola pamsewu, apongozi anatulukira ndi mtolo wa zovala zawo zonse, khasu, mphasa, ndowa, mbewu ya mapira m'chigubu, ngakhale kamtondo. Mutu wanga unayamba kutentha.

"Uwauze amayi kuti tikukagona masiku awiri, sitikusamuka," ndinamunong'oneza mkazi wanga.

"Asiyeni," anatero. "Okalamba ndi choncho."

Kondakitala anakana mtondo, ndinakangana naye mpaka anauponya pamiyendo panga. Kalaliki ndi mkazi wake nawonso anakwera, osaitanidwa, iye atavala nsapato zopolisha, akumwetulira njira yonse. Apongozi anakhala pakona atafunda nsalu kumutu. Ine ndinkati akuopa fumbi.

Titafika kugombe, apongozi anatula mtolo n'kuyang'ana uku ndi uku. Mabwato, ana akusambira, usipa uli pathandala. Kenaka anafunsa mwana wawo motsitsa mawu, "Nanga kolembetsa ndi kuti? Makadi a ufa akuperekera pati?"

"Makadi ati, amayi?"

"Si kampu yatsopano ino?"

Zonse zinatulukira pomwepo. Mkazi wanga anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Achemwali ake, manyazi atawagwira, anaulula zimene mwamuna wawo ananena kuseri kwa mpanda. Pomwe ankamaliza, ine n'kuti nditatola kale nkhafi pabwato la eni ake, ndipo kalaliki anali atabisala kumbuyo kwa mkazi wake akukuwa, "Zinali nthabwala, achimwene! Nthabwala chabe!"

Chimene chinandigwira dzanja ndi kuseka. Apongozi anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Kenaka anachita chimene anali asanachitepo. Anandiyang'ana ine mwini wake.

"Bambo, ndiye mwatikweza galimoto kuti tidzagone panja? Dala? Nyumba tili nazo?"

"Eya, amayi. Kusangalala."

"Ine ndinagona panja miyezi itatu, palibe anandiuza kuti ndikusangalala." Anapukuta m'maso ndi nsalu. "Bwezani nkhafi ya eni ake. Bweretsani matentiwo kuno, muwononga."

Pofuna kudziyeretsa, kalaliki anathamanga kukatipezera malo. Anasankha pansi pa mkuyu waukulu, pamthunzi, pamene panali kanjira kosalala kotsikira kumadzi. Anavula nsapato n'kuziika patsinde ndi buledi wake, kusonyeza kuti malowo watenga. Apongozi anafika, anawerama, analoza ndowe zouma ndi khasu.

"Uwauze amuna ako kuti iyi ndi njira ya mvuu," anauza mwana wawo wamkuluyo. "Ndipo mkuyuwu uli ndi eni ake. Ayang'ane m'mwamba."

M'mwambamo munali anyani atatu, akutiyang'ana ngati takhala pamipando yawo.

Anatiyendetsa gombe lonse, ife pambuyo ngati ana a sukulu. Pena anakana chifukwa cha linthumbu. Pena anati mchenga wake ndi wonyowa pansi, titukusira m'mawa. Pena panali pabwino ndithu, koma anati asodzi amakokera khoka pomwepo, atidzutsa ndi chingwe m'khosi. Anasankha pamtunda pang'ono, kuseri kwa mwala waukulu, makomo atafulatira mwera. Tenti imene ine ndinkati ndilimbana nayo mpaka masana, iwo anaiimika madzi a tiyi asanawire, ndi mfundo zimene sindinazionepo, zolimba koma zomasuka ukangokoka kamodzi. Khasu lija analimira kangalande kuzungulira matenti onse awiri. Mtondo anaugadabuza n'kukhalapo, akulamula.

"Bambo, chikhomo icho chapendama."

"Ndikonza, amayi."

"Njinga mumakonzanso choncho?"

Sindinapse mtima. Ndinadabwa nane.

Tsiku limenelo linakoma. Msodzi uja anatibweretsera chambo, tinawotcha pamakala. Mkazi wanga ndi achemwali ake anasambira ndi zitenje, akukuwa ngati atsikana. Apongozi analowa m'madzi mpaka m'mawondo, anaima nthawi yaitali, tinsomba tikuwajompha kumapazi, iwo akutukwana tinsombato m'chinenero chakwawo. Tili mkati mwa kudya tinamva kalaliki akufuula. Anyani anali atatsika mumkuyu muja n'kunyamula buledi ndi nsapato imodzi. Anawathamangitsa mpaka m'munsi mwa phiri, anabwerako ndi minga yokha. Apongozi anati nyaniyo mwina wapeza ntchito yaukalaliki.

M'mawa mwake, tikutsuka makapu m'mbali mwa madzi, mkazi wanga anandiuza zimene amayi ake anamuuza mutenti. Masabata awiri aja sankadya, ankangoti m'mimba. Anatsanzika amayi anzawo a kumzikiti mmodzimmodzi. Nkhuku zawo zisanu, zimene anaziweta kuchokera ku kamsoti kamodzi, anazigawa kwa anansi, poti kukampu sakanapita nazo. Ndipo sanandidandaule ngakhale pang'ono, ankati mwana wa eni wayesetsa, watopa.

Mawu akuti watopawo ndi amene anandiwawa. Ndinaika kapu pansi. Mkazi wanga anandigwira malaya, ndinamuuza kuti asaope, manja ndawasiya m'thumba. Kalaliki anali atakhala pamwala akuzula minga kuphazi, nsapato yotsalayo ili pambali pake. Apongozi anali pamtondo pawo, akumva zonse. Ndinaima patsogolo pake mpaka anadzutsa mutu.

"Achimwene, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma pakamwa panga sipanagonetsepo nkhalamba ndi njala. Tikafika kwa Mponda muyenda khomo ndi khomo, muzikanena nokha kuti munanama, mpaka nkhuku zisanu za amayi zibwerere m'khola. Ikasowa imodzi, mulowamo ndinu."