Kaulusi kofiira ka pamkono

Adokotala athu, chaka chakwana chitisiyireni. Ndine Nabanda wa ku Sinda, uja munamubaya jakisoni wa chifuwa n'kutupa nkhope mpaka maso kutsekeka. Tsiku lija simunandilole kubwerera kumudzi. Munakhala pambali panga mpaka mpweya unabwerera, kenaka munandimanga kaulusi kofiira pamkono. Munati, "Amama, poti simuwerenga, aliyense wofuna kukubayani muzimuonetsa aka, muziti alipo mankhwala amene thupi lanu limakana." Ine ndinaseka, ndinati mwasanduka sing'anga. Inu munati, "Ee, koma wosalandira nkhuku."

Dzulo chifuwa chinandibwezanso kuchipinda chanu chija. Pampando panu pakhala dokotala watsopano, waulemu ndithu, koma ataona kaulusi anati, "Agogo, zithumwa muzisiya kunyumba." Ndinayesa kufotokoza, koma dzina la mankhwala aja silinabwere. Munalitchula kamodzi kokha, ine ndili wefuwefu. Akuti ndipite mawa akandibaye. Ndikuopa, adokotala. Ndikakana, chifuwa chindimaliza, ndikalola, kaya ndidzuka. Mawa ndipita, koma mkono ndikaupinda mpaka wina akhale pansi andifunse za kaulusi kanu aka.