Khosi la Tambala wa Chinkhoswe

Achimwene anga a Nasoni anagwira ntchito yophika pa nyumba ina yogona alendo pamwamba pa phiri la Zomba zaka makumi awiri ndi zitatu. Anzawo akapuma ntchito amabwera ndi malata, ena njinga yamoto. Athuwa anatsika minibasi pa Golomoti ali ndi chikwama chimodzi, chipewa cha khaki, ndi matenda ofuna kuwedza nsomba ndi nthenga.

Kwathu ndife alimi a thonje ndi chimanga, nsomba timakumana nayo pamsika. Achimwenewo ngakhale kusambira sadziwa. Koma akuti ku Zombako ankaona alendo ataima m'madzi, akuzunguza ndodo yaitali m'mwamba, kunsonga kwa chingwe kuli kambedza kovekedwa nthenga kuti kaoneke ngati kachilombo kouluka. Kakatera pamadzi, nsomba n'kukalumphira. Zaka zonsezo iwo ankangokazinga nsombazo, mtima uli dyokodyoko.

Sabata yoyamba anapita ku Mtakataka kukasankha zida. Ndinawaperekeza poti ndinkafuna sopo ndi mchere, ndipo manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala. Wogulitsa anawatulutsira mbedza zazikulu za milamba. Iwo ayi, akufuna zing'onozing'ono zoti munthu uzione utavala magalasi. Anawapatsa chingwe chopyapyala cha asodzi, ayinso.

"Nthenga silemera, mphwanga," anatero achimwene. "Chouluka ndi chingwe, ndiye chikhale chonenepa."

Mapeto ake anagula chingwe chosokera matumba ndi makandulo awiri oti azichipaka kuti chiziyandama. Wogulitsayo atafunsa za nyambo, iwo anati nyongolotsi n'za anthu osayenda. Ndiye kunena zimenezo pakati pa asodzi! Ine ndinanamizira kusankha tomato.

Ndodo anadula ya nsungwi, n'kumayeserera pabwalo. Anakola mtengo wa mango, anakola duku la alamu anga a Malita, tsiku lina anadzikola okha khutu. Chinatsala ndi nthenga. Za nkhanga akuti n'zouma, za bakha n'zazikulu, za thadzi zimafota zikanyowa.

"Zenizeni, Fainess, ndi za m'khosi mwa tambala," anandiuza. Mawuwo ndinawamva ndi makutu angawa, koma mutu sunagwire.

Masiku omwewo mwana wanga Macdonald anali atapeza mbeta, Sheila, wa kunyanja kwa Kachindamoto. Nkhoswe ya mwana ndi amalume ake, ndiye kuti achimwene omwewo. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti, ndipo nkhukuzo zikapanda kusinthana manja palibe ukwati. Ndinali ndi tambala wanga wofiira, wa khosi lonyezimira, amene ogula atatu ndinawakaniza. Poti mbali yathu kunkamveka chitopa, ndinamunyamula kukamusungitsa kwa ankhoswe kutatsala milungu itatu. Ine ndemwe, ndi manja angawa!

Milungu itatuyo achimwene ankalawirira ku mtsinje wa Livulezi, chipewa chili mbwee ndi timbedza tofiira. Anagwira temba limodzi, lalitali ngati chala, n'kuliyendetsa mudzi wonse m'kachitini. Ine ndinali kalikiliki ndi zitenje ndi mpunga, sindinafunse kuti kufiirako kwachokera kuti.

Loweruka la chinkhoswe tinafika kwawo kwa Sheila bwalo litadzaza kale. Tambala anayenda m'dengu lophimbidwa ndi nsalu, ndipo achimwene sanalole munthu kusuzumiramo, akuti angachite mantha. Nkhoswe ya kuchikazi anali a Jeremiah, msodzi wa makoka, bambo wosaseka wamba. Nthawi ya nkhuku itakwana, achimwene anaimirira, anayankhula mawu okoma ataliatali, kenako n'kuvundukula.

Mayo ine! Kuyambira kumutu mpaka pachifuwa, khosi lili psuu, popanda nthenga ndi imodzi yomwe. Tambalayo anasuzumira uku ndi uku ngati wakuba wometedwa. Wina kumbuyo anakuwa kuti ndi kameta, nkhuku zija zobadwa ndi khosi la dazi, koma kameta sakhala ndi timabala.

A Jeremiah anabweza manja kumbuyo. "Ankhoswe anzanga, kwanu tamva kuli chitopa. Mwatibweretsera matenda, kapena mwatiyesa anthu olandira zotsala?"

Nyimbo zinazima. Azakhali a mkwatibwi anayamba kupinda mphasa, Sheila anabisa nkhope m'chitenje, mwana wanga atazyolika. Ukwati unkathawa ndikuuona, ndipo ndinkafuna kuluma munthu.

"Achimwene, nenani," ndinatero. "Nenani, apo ayi ndinena ndine, ndipo ine ndikanena sindisiya kanthu."

Anavula chipewa n'kuulula zonse, za Zomba, za makandulo, za temba lija. Anafika mpaka poonetsa ndi mkono mmene chingwe chimaulukira. Asodzi anaseka mpaka wina anagwa pabenchi. A Jeremiah okha sanaonetse dzino.

"Ndamva," anatero. "Tambala sakudwala, odwala ndi ena. Koma mwambo umati tambala wathunthu, ndipo khosi lakelo lili pachipewa chanu. Bweretsani."

Wina anabwera ndi mbale. Achimwene anayamba kuzula timbedza tija kamodzikamodzi, bwalo lonse likuonerera. Katsiriziro kanali kamene kanagwira temba, ndipo kameneko anakagwira nthawi yaitali. Zaka makumi awiri ndi zitatu akuonerera alendo aja pawindo la khitchini, n'kudzagwira kansomba kamodzi. Ukali wanga unathera pomwepo, ndinawamvera chisoni, chitsiru cha amayi anga chimenechi. Achimwene anayang'ana Macdonald, n'kukaika m'mbale.

A Jeremiah analandira tambala ndi dzanja limodzi, mbale ndi linalo, nthungululu n'kusweka. Sheila anapukuta misozi, azakhali aja n'kuyalanso mphasa ngati sanapinde ndi iwo.

Kenako akuchikazi anatulutsa msoti wawo, wamawangamawanga, wonenepa bwino, ndipo monga mwa mwambo anaupereka kwa nkhoswe ya kuchimuna. Achimwene anaulandira mwaulemu ndi manja awiri n'kudzakhala pambali panga. Posakhalitsa ndinaona chala chawo chikuyenda pang'onopang'ono m'khosi mwa msotiwo.

"Fainess," ananong'ona, "nthenga za thadzi zija ndinafulumira kuzinyoza."

Ndinaulanda anthu onse akuona, ndipo mu minibasi unakhala pamiyendo panga mpaka pa Golomoti.