Bambo Wina Wolima Khofi

Ndinachoka ku Misuku chifukwa mpingo unkandilipira nthochi ndi nyemba, ndipo ndinali nditatopa kulalikira nsapato zili zong'ambika. Mnzanga wa kusukulu ya ubusa anandiitanira ku Joni, komwe Amalawi ankasowa wowamvera mavuto. Akulu anga a Lusekelo anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu. "Iwe, usakatiiwale," anatero.

Ntchito yanga kumeneko inali kukhala m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi n'kumamvetsera za maukwati otha, za mowa, za osowa mapepala. Onse ankatula nkhawa zawo kwa ine, koma ine ndinalibe womuuza zanga. Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo n'kuthera lendi, choncho ndinayamba kulemba timabuku ta uphungu n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi.

A Lusekelo ankandiimbira foni Lamulungu lililonse. Tsiku lina anandiuza akulira kuti kuchipatala anapeza kuti vuto losabereka lili ndi iwo, osati akazi awo, alamu anga, amene achibale akhala akuwanyoza. Ndinawapempherera, koma mumtima ndinali nditaona kale mutu wabwino wa buku. Dzina ndinabisa, ndinangolemba kuti "bambo wina wolima khofi kumapiri". Ndinkati buku la Chingerezi silingakwere zitunda za kwathu.

Linakwera. Mphunzitsi wina wa pasukulu ya kwathu, wochokera ku Dedza, analipeza kwa m'bale wake, analikonda, n'kuwerengera amayi a kutchalitchi kwathu akumasulira. M'mudzi mwathu wolima khofi wopanda mwana ndi mmodzi yekha. Mafoni a Lamulungu anathera pomwepo.

Ndabwerera chaka chino, ntchito itanditopetsa. Akuluwo ndinawapeza kumunda akuthyola khofi.

"Mwafika, abusa? Yewo. Ise tili makora, tili bwino," anatero, maso ali pamtengo.

Chibadwire anali asananditchulepo kuti inu. Ndinapepesa ndi mawu omwe ndimaphunzitsa ena, ndipo ngakhale kwa ine ankamveka opanda kanthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kusenza dengu lawo kutsetsereka.

Kunyumba alamu anandipatsa tiyi. Ndinkayembekeza kuti iwowa andiyamikira, poti mudzi tsopano ukudziwa kuti sanalakwe. Kukhalitsa kunja kunandiiwalitsa kuti kwathu kuno chikondi china chimakhala kungokhala chete.

"Mukuganiza kuti sindinkadziwa?" anatero motsitsa mawu. "Kuchipatalako tinapita tonse. Ndinalola kunyozedwa zaka zonsezi kuti akulu anu aziyenda pakati pa anzawo opanda manyazi. Pano ngakhale kumaliro sapita. Tiyiyo imwani, alamu, akuzizira."