Nsidze za Amayi

Zikope za amayi zinapindikira m'kati pang'onopang'ono. Pofika chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, akati aphethire nsidze zinkawakanda m'maso ngati mchenga. Ntchito yozizula inali yanga. Ndinali kale ndi ana awiri, koma Loweruka lililonse ndinkawagoneka amayi pamiyendo panga kuseri kwa nyumba, n'kutenga kachitsulo kopanira kamene mmisiri wa zidebe anatikonzera ku Namadzi. Ndinali katswiri, sindibisa. Mng'ono wanga akayesa ankawatsina chikope, ine ayi.

Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti kuchipatala cha mishoni kukubwera dokotala wokonza zikope. Ankati amacheka chikope, kuchiwongola, n'kusoka, nsidze n'kuyang'ananso kunja. Ankabwera kamodzi pachaka, masiku atatu okha.

Kwathu munthu saonekera kwa mlendo ali ndi manthongo m'maso. Choncho m'mawa wa ulendowo ndinawasambitsa amayi, ndinawaveka chitenje chopitira kutchalitchi, kenako ndinati adokotala asakatione ngati anthu osasamala. Ndinazula zonse, ngakhale tinsidze tongophuka kumene. Njira yonse kuchokera ku Mbulumbuzi amayi ankanditamanda kuti lero akuona ngati mtsikana.

Anthu anali ngati pamsika. Bambo wina wachipatala ankayenda pamzere ndi tochi, kusankha oti akalowe kwa dokotala. Atafika pa amayi anawaunika m'maso.

"Agogo, nsidze zikukulasani?"

"Iyayi bambo, lero ndili bwino ndithu."

"Ndiye apatseni mpata anzanuwa. Nawa mankhwala, muzipaka."

Ine ndinali pomwepo, kachitsulo kaja ndili nako m'mfundo ya chitenje. Ndinalandira mankhwalawo ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Nsidze yozulidwa imaphukanso yolimba ngati chiputu. Dokotala atapita zinabwerera zonse. Tikukolola nandolo, diso lakumanzere linayamba kuchita mtambo, ndipo pofika mvula linali litayera. Amayi ankati ndi ukalamba. Ine ndinkangozula Loweruka lililonse, kuphika, kugona. Sindinalire. Mumtima munalibe kalikonse.

Chaka chotsatira atalengezanso, ndinabisa kachitsuloko milungu itatu. Amayi ankakhala pakhonde misozi ili chuchuchu, n'kumati mwana uyu wayamba nkhanza. Ndinkawamva, n'kumapitiriza kusesa.

Ulendo uno anatilowetsa. Dokotalayo anali mayi wamfupi, wa manja ang'onoang'ono, wosakonda zolankhula. Anakonza zikope zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo atamasula mabandeji nsidze zinali zitaloza kunja ngati za munthu aliyense. Diso lakumanja linapulumuka. Za lakumanzere anati chikope wawongola, koma chipsera cha padisopo iye sangachichotse.

"Chaka chatha munali kuti, amayi?" anafunsa akulemba pakhadi. "Disoli likanachira."

"Tinabweratu, adokotala," anayankha amayi. "Kungoti tsikulo sizinkandilasa. Mwana wangayu anali atandizula m'mawa."

Dokotala anasiya kulemba.

"Zonse?"

Amayi anafufuza dzanja langa mbali imene sankaonayo, analipeza, n'kulisisita monyadira.

"Uyu? Uyu sasiya ndi imodzi yomwe."

Dokotala anandiyang'ana kanthawi, kenako anaitana wodwala wotsatira. Ndinawagwira amayi mkono wakumanzere n'kutuluka nawo, ndipo mbali imeneyo ndi imene ndinayenda mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.