Zilembo Zopendeka pa Shopu ya a Nabanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa belo la fodya. Kwathu ku Wimbe ndine ndinkalemba mayina ndi manambala pa mabelo a alimi a m'kalabu yathu. A Mwale, mmisiri wolemba zikwangwani pa Kasungu Boma, atabwera kudzacheza kwa amalume anaona mabelowo m'chigafa, nafunsa amene analemba. Sabata yotsatira ndinali pa boma, makwerero awo ali paphewa, mtima uli m'mwamba.

Miyezi itatu ntchito yanga inali kutsuka maburashi m'thina, mankhwala osungunulira penti, kupala makoma ndi sandipepa, ndi kumenya mizere ndi chingwe chopaka choko. A Mwale ankalemba zilembo zoongoka, zoyeza ndi lula. Ine maso anali kwina. Pa TV ya m'lesitilanti ya kudepoti ankaonetsa malonda a sopo, ndipo zilembo zake zinali zopendeka, zogwirana, zamichira, ngati munthu wangozikwapula ali pachangu. Nthawi yopuma ndinkaziyeserera pa makatoni ndi penti wotsala.

Makuponi a feteleza atatsala pang'ono kugawidwa, anatiitana a Nabanda, mayi wogulitsa mbewu ndi feteleza. Mumzere mwawo mashopu anayi ankagulitsa zofanana.

"Ndikufuna zilembo ngati za pa TV zija," anatero. "Mlimi akatsika pa kabaza ayambe waona panga."

A Mwale anakanda m'mutu. "Zimenezo dzanja langa silizidziwa. Koma makatoni a mnzangayu ndawaona." Anandipatsa burashi yawo yafulati, imene sindinkaloledwa kuigwira. "Kwera. Ukalakwitsa, lowonongeka ndi dzina langa."

Alimi odzafunsa za mbewu anaima kuonerera. Mawu oti ndilembe pakhomapo anali akuti Mbewu ndi Feteleza. M wa Mbewu ndinamukoka mwamantha, pang'onopang'ono, ndipo penti wofiira anayenderera mpaka pazenera. Anthu anaseka. A Nabanda anatembenuka n'kulowa m'shopu.

"Wachulutsa thina, ndiponso ukuinyengerera burashi," a Mwale anatero chapansipansi. "Pukuta. Mphamvu ichokere paphewa, osati m'zala. Kamodzi basi."

Ndinapukuta ndi kansanza, ndinawonjezera penti kuti alimbe, n'kupuma. Kenako ndinakoka. M anatuluka wopendeka bwino, ndipo zilembo zinazo zinangotsatana zokha. Pofika pa Feteleza dzanja linali litazolowera, moti z ndinamupatsa mchira wautali wobwerera pansi pa mawu onsewo. Wakabaza wina anaimika njinga tsidya la msewu n'kuwerenga mokweza, nayimba belu. A Nabanda anatuluka, anawoloka msewu, anayang'anitsitsa, kenako anatuma munthu kukatigulira zakumwa. Ndisanatsike n'komwe, mwini butchala yapafupi anali atagwira kale makwerero, akufunsa ngati mawa tili ndi mpata.

Tsopano ndili ndi maburashi anga ndi anthu awiri amene ndikuwaphunzitsa. Chilembo chikawakanika sindiwalola kuchikonzakonza. Amapukuta, apume, n'kuchikoka kamodzi.